Mnyamata Woimba Limba

M'dera la Mfumu Chitukula, m'boma la Lilongwe, muli tchalitchi china cha njerwa zootcha ndi denga la malata. M'kati mwake, chakutsogolo pafupi ndi zenera, muli limba lakalekale. Limbalo silifuna magetsi. Woimba amapopa mphepo ndi mapazi pa zopondera ziŵiri, monga momwe wosula makasu amachitira ndi mvukuto. Mphepoyo ikadutsa pa timalilime tachitsulo tobisika m'katimo, limba limalira.

Kwa zaka zambiri woimba limbalo adali mmodzi yekha, agogo ena amene kale adali aphunzitsi. Iwo ankalisamala koposa njinga yawo. Mapemphero akatha ankalipukuta ndi kansalu, nkulitseka ndi loko, nkuika mfungulo m'thumba la m'kati la jekete. Ana onse a m'mudzimo ankadziŵa kuti wokhudza limba wapalamula mlandu.

Agogowo adali ndi mdzukulu, mnyamata wa zaka 11, amene adabadwa wosaona. Ku sukulu sankapita, pakuti makolo ake ankati palibe chimene angakachiteko. Koma Lamulungu lililonse mlongo wake ankamgwira dzanja kupita naye ku tchalitchi. Kumeneko iye sankakhala pa benchi ndi anzake. Ankakhala pansi chotsamira limba, khutu lake litagunda thabwa. Motero ankalidziŵa limbalo kuposa anthu openya. Ankadziŵa kuti chopondera cha kumanzere chimalira ngati mbeŵa, ndiponso kuti kiyi wina wa pakati amakanirira pansi m'nyengo ya dzinja. Nyimbo akaimva kaŵiri ankaiimba ndi mluzu pobwerera kumudzi, mbali ya akazi ndi ya amuna yomwe.

Tsiku lina adalimba mtima napempha.

"Agogo, ndiloleni ndiligwireko limba, ngakhale kamodzi kokha."

"Limba limafuna maso, mdzukulu wanga," adatero agogo. "Nyimbo zili m'buku. Munthu wosatha kuŵerenga do, re, mi adzaimba chiyani? Ndiponso limbali adagula ndi anthu, ndi ndalama zawo za fodya ndi mtedza. Likaonongeka ndidzanena chiyani kwa akulu a mpingo?"

Mnyamatayo adangokhala chete. Agogowo sadali munthu wankhanza iai. Ankamkonda mdzukulu wawo, ndipo nsima ankadya naye mbale imodzi. Koma moyo wawo wonse adaona nyimbo zikuchoka m'buku kupita ku maso, nkuchoka ku maso kupita ku zala. Njira ina adali asanaiganizepo.

M'mwezi wa Julaye, chimanga chitaloŵa m'nkhokwe, atsibweni ake a mnyamatayo adabwera kuchokera mumzinda wa Lilongwe kumene amagwira ntchito. Madzulo kudazizira, ndipo onse adakhala pabwalo kuotha moto. Pamenepo atsibweni adatulutsa lamya yawo ya m'manja.

"Bambo, inu ndinu munthu wa limba. Tamverani izi."

M'lamyamo mudatuluka kulira kwa limba, koma kosafanana ndi kwa limba la ku tchalitchi. Ili linkabangula, kenaka nkunong'ona, kenaka nkuthamanga ngati mbuzi zotuluka m'khola m'maŵa. Mnyamata uja adasendera pafupi mpaka adatsala pang'ono kuponda phulusa lamoto.

"Atsibweni, oimba limbawo alipo angati?"

"Ndi mmodzi yekha, mphwanga. Winayo ndi wa ng'oma."

"Iai, atsibweni, ine ndikumva atatu. Wina ali pansi ngati babatoni, wina ali pakati, ndipo wina akuthamanga pamwamba."

Atsibweni adaseka. "Wamva bwino. Wapansiyo ndi phazi, wapakatiyo ndi dzanja lamanzere, wapamwambayo ndi dzanja lamanja. Koma mwini wake ndi mmodzi. Ndipo ndikuuze: nayenso saona, monga iwe."

"Zimenezo ndi nyimbo za kumoŵa," adang'ung'udza agogo.

"Iai, bambo. Mwana ameneyu adakulira m'tchalitchi, ndipo limba lomwelo amaliimbanso pa mapemphero."

Woimba wa m'lamyayo dzina lake ndi Matthew Whitaker. Kwawo ndi ku Hackensack, tauni ya m'chigawo cha New Jersey, pafupi ndi mzinda waukulu wa New York m'dziko la Amereka. Adabadwa pa 3 Epulo, 2001, kutatsala miyezi itatu kuti masiku ake akwane. Pobadwa sankalemera ngakhale kilogalamu imodzi, kotero kuti paketi ya shuga ya m'sitolo idali yolemera kuposa iye. Madokotala adauza makolo ake kuti mwina mwanayo sakhala moyo. Adamsunga m'chipatala nkumampatsa mpweya womthandiza kupuma. Moyo wake udapulumuka, koma maso ake adaonongeka ndi matenda amene amagwira ana ena obadwa masiku asanakwane. Asanakwanitse zaka ziŵiri adamchita opaleshoni kokwana 11, komabe sadaone.

Atakwanitsa zaka zitatu, agogo ake aamuna adampatsa mphatso ya limba laling'ono la ana, lopangidwa ndi kampani ya Yamaha. Chidali choseŵeretsa chabe. Ana ambiri akapatsidwa chinthu chotere amangochimenya ndi zibakera mpaka atatopa nacho. Koma Matthew adayamba kufufuza ndi zala zake tinyimbo ta ana timene ankamva, ndipo adatipeza. Ankatiimba ndi manja onse aŵiri, popanda womphunzitsa.

Ali ndi zaka zisanu, makolo ake adapita naye ku New York, ku sukulu yophunzitsa nyimbo kwa anthu osaona yotchedwa Filomen M. D'Agostino Greenberg Music School. Kumeneko adakumana ndi mphunzitsi wa piyano, mai Dalia Sakas. Maiwo sadachedwe kuzindikira kuti khutu la mwanayo silidali wamba. Munthu akagunda kiyi aliyense, iye ankatchula dzina la kiyiyo pomwepo. Usiku wina Matthew adapita ndi amai ake kukamvera mphunzitsi wakeyo akuimba pamodzi ndi anthu ena anai nyimbo yovuta, yopekedwa ndi katswiri wa ku Ulaya wotchedwa Dvořák. Litafika tsiku la phunziro, mai Sakas adampeza ali pa piyano akuimba chiyambi cha nyimbo ija, akuyesa kuphatikiza mbali za anthu onse asanu m'manja mwake.

Mphunzitsi wina akadangoomba m'manja nkuitana anthu kuti adzaone zodabwitsa. Mai Sakas adachita chinthu chovuta kuposa pamenepo. Adamkakamiza kuphunzira kagwiridwe koyenera ka zala, kuŵerenga nyimbo zolembedwa, ndi kuziimba monga momwe mwini wake adazilembera, osaonjezera zake. Kwa mwana wakhutu lakuthwa zimenezi nzotopetsa. Iye amafuna kuthamanga, pamene mphunzitsi akuti, "Bwereza." Anthu ambiri akamva mbiri ya Matthew amathera pa kudabwa ndi maso ake osaonawo, nkuiŵala zaka zimene adakhala akubwereza mzere umodzimodzi. Koma luso limene atsibweni aja adabwera nalo m'lamya lidaphikidwa m'zaka zimenezo.

Nanga munthu wosaona amaŵerenga bwanji nyimbo? Amaŵerenga ndi nsonga za zala, pogwiritsa ntchito zilembo za Braille. Zilembozi ndi timadontho totukuka pa pepala lolimba. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera pa malo asanu ndi amodzi a timadontho, atatu kumanzere ndi atatu kumanja. Adazikonza ndi mnyamata wa ku France, Louis Braille, m'chaka cha 1824, ali ndi zaka 15 zokha. Iyeyu adavulala diso ali ndi zaka zitatu poseŵera ndi chida cha atate ake, ndipo pambuyo pake maso onse aŵiri adaleka kuona. Atakula adakhala woimba limba m'tchalitchi mumzinda wa Paris, chotero sadaiŵale kukonza timadontho tolembera nyimbo. Zilembo zomwezi ndizo ana osaona amaphunzira kuno kwathu, ku Malingunde m'boma la Lilongwe ndi ku Chilanga m'boma la Kasungu. Komabe pali vuto limodzi. Munthu wopenya amaŵerenga uku akuimba, pamene wosaona sangatero, chifukwa zala zoŵerengera ndi zomwezo zoimbira. Iye amaŵerenga ndi dzanja limodzi nkumaimba ndi linalo, kenaka nkusinthanitsa, mpaka nyimbo yonse italoŵa m'mutu.

Ali ndi zaka 9, Matthew adayamba kudziphunzitsa yekha chida chimene chidamtchukitsa, limba la magetsi la Hammond B-3. Limbali nlofunika kulifotokoza bwino, chifukwa silifanana ndi lina lililonse. Adaliyambitsa ndi munthu wina wa ku Amereka wokonza mawotchi a magetsi, Laurens Hammond, ndipo lidayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1935. Masiku amenewo matchalitchi olemera adali ndi malimba a zitoliro zazitali ngati nsungwi, okwera mtengo zedi. Matchalitchi osauka, makamaka a anthu akuda, adakondwera kupeza limba limene akadatha kugula.

M'kati mwa limba la Hammond B-3 mulibe mvukuto kapena timalilime. Muli timagudumu tachitsulo 91, tokhala ndi mano m'mbali mwake, timene timazungulira pafupi ndi maginito okulungidwa ndi waya. Mano akamadutsa pa maginito, m'wayamo mumabadwa kamphamvu ka magetsi konjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiko kumasanduka mau. Mnyamata aliyense amene adamangapo kachidutswa ka botolo la pulasitiki pa masipoko a njinga amadziŵa chinsinsi chimenechi. Njinga ikamayenda pang'onopang'ono kulira kumakhala kwa besi, ikathamanga kulira kumakwera. Momwemonso gudumu la mano ambiri limatulutsa mau okwera, la mano ochepa limatulutsa mau otsika.

Kunja kwake kuli mizere iŵiri ya makiyi, wina pamwamba pa unzake, ndipo mzere uliwonse uli ndi makiyi 61. Pansi pali zopondera 25, zimene nazonso ndi makiyi, koma a mapazi. Pamwamba pali tizitsulo tokoka ndi kukankha, tokhala m'magulu a tisanu ndi tinai. Timeneti ndito timasintha mtundu wa mau. Woimba akakoka tina, limba limalira ngati chitoliro, akakoka tina limalira ngati lipenga, akakoka tonse limabangula. Pambali pake pamaima bokosi la zokuzira mau lotchedwa Leslie, potsata dzina la mwini wake, Donald Leslie. M'bokosimo muli lipenga lozungulira. Paja galimoto ikamadutsa uku ikuliza hutala, mau ake amasintha pamene ikubwera ndi pamene ikupita. Lipenga lozunguliralo limachita zomwezo mobwerezabwereza, ndipo mau amamveka ngati akupuma. Limbali pamodzi ndi mpando ndi zopondera zake limalemera pafupifupi ngati matumba anai a chimanga a makilogalamu 50.

Tsono taganizani za mwana wa zaka 9 atakhala pa chinthu choterocho. Dzanja lamanja likuimba nyimbo, lamanzere likuthandiza, phazi lamanzere likuyenda pa zopondera, phazi lamanja likukweza ndi kutsitsa mau. Pakati pa zonsezo dzanja lina liyenera kuchoka mwamsanga, kukoka kachitsulo koyenera, nkubwerera pamalo pake nyimbo isanaduke. Matthew adaphunzira malo a chinthu chilichonse ndi zala ndi mapazi, monga munthu amadziŵira njira ya kunkhokwe kwawo usiku wopanda mwezi.

Nyimbo zimene adakonda kwambiri ndi za jazi. Jazi adayambira mumzinda wa New Orleans, kum'mwera kwa Amereka, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Adamyambitsa ndi anthu akuda, zidzukulu za akapolo amene adatengedwa kuno ku Afirika. Iwo adasakaniza nyimbo zawo za kuntchito, za ku tchalitchi ndi za madandaulo ndi kulira kwa malipenga. Kaimbidwe kake nkotere: gulu limayamba ndi nyimbo yodziŵika, kenaka aliyense amapatsidwa mpata wopeka zakezake pomwepo, koma osataya mayendedwe a nyimboyo, ndipo pomaliza onse amabwerera pamene adayambira. Mwana wa kwa Chitukula sayenera kudabwa nazo. Pabwalo la gule ng'oma zina zimagwira mayendedwe osasintha, pamene woimba mbalule amayang'ana mapazi a wovina nkumayankha phazi lililonse. Iye sangakuuzeni lero chimene adzaimba maŵa, komabe sasochera. Amai pamtondo nawonso amaloŵetsa mau atsopano m'nyimbo yakale, osaphonyetsa musi.

Poyamba anthu ambiri a jazi sankaliŵerengera limba la Hammond. Amene adasintha maganizo awo ndi Jimmy Smith. Iyeyu adagula limba, nkulisunga m'nyumba yosungira katundu mumzinda wa Philadelphia, nkumadziphunzitsa yekha kwa miyezi yambiri. Kuyambira m'chaka cha 1956 zimbale zake zidaonetsa kuti munthu mmodzi pa limba angathe kugwira ntchito ya anthu atatu. Jimmy Smith adamwalira m'chaka cha 2005, Matthew ali kamwana, koma mwanayo adaphunzira kwa iye pomvera zimbalezo.

Ku New York, m'dera la Harlem, kuli nyumba yotchuka ya zisangalalo yotchedwa Apollo. Anthu omvera kumeneko sabisa kukhosi. Akapanda kukondwera ndi woimba amamkuwiza mpaka atatsika. Matthew adapambana mpikisano wa ana m'nyumbayo ali ndi zaka 9. M'chaka cha 2011, ali ndi zaka 10, adaitanidwa kukaimba pa mwambo wolemekeza Stevie Wonder, woimba wodziŵika pa dziko lonse, amene nayenso adaleka kuona chifukwa chobadwa masiku asanakwane. Pofika zaka 13, kampani ya Hammond idamsankha kukhala mmodzi wa oimba oimirira malimba ake, ndipo padalibe wina amene adasankhidwapo ali wamng'ono chotero. Kutchukako sikudamchotse ku tchalitchi cha kwawo cha New Hope Baptist ku Hackensack, kumene adazoloŵera kuperekeza kwaya ndi mlaliki. Omvera bwino amati ngakhale akamaimba jazi wothamanga, fungo la ku tchalitchi silichoka m'zala zake.

Chimbale chake choyamba, Outta the Box, chidatuluka m'chaka cha 2017. Zina zidatsatira mu 2019 ndi mu 2021. M'chaka cha 2019 adaloŵa sukulu yapamwamba ya nyimbo ya Juilliard, nakhala wosaona woyamba kuphunzira digiri yoyamba ya jazi kumeneko. Adakaimbanso m'maiko a ku Ulaya ndi ku Asia. Koma chimbale chimene chimaonetsa bwino mtima wake ndi cha mu 2024, On Their Shoulders, dzina lotanthauza kuti iye adakwera pa mapeŵa a akulu. M'menemo adalemekeza akatswiri a limba amene adamtsogolera: Jimmy Smith, Charles Earland, Dr. Lonnie Smith, Joey DeFrancesco, ndiponso mai wina woimba limba m'nyimbo zauzimu, Twinkie Clark.

Dokotala wina wofufuza za ubongo, Charles Limb, adafuna kudziŵa chimene chimachitika m'mutu mwa Matthew. Adamgoneka m'makina ojambula ubongo. Chakumbuyo kwa mutu wa munthu aliyense kuli mbali ya ubongo imene ntchito yake ndi kuona. Pamene Matthew ankamvera munthu akungolankhula, mbali imeneyo idali duu. Koma atamuikira nyimbo, mbaliyo idadzuka yonse nkuyamba kugwira ntchito. Munda umene maso adausiya, makutu adaulima.

Atsibweni adafotokoza zimene ankadziŵa mwa zinthu zimenezi mpaka nkhuni zidatsala pang'ono kutha. Agogo adali chete nthaŵi yonseyo. Pomaliza adatsokomola.

"Za ku Amerekazo nzakutali. Koma Namoko ndinkamumva ndi makutu angaŵa."

"Namoko ndani, agogo?"

Agogo adafotokoza. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 wailesi ya MBC inkaulutsa kaŵirikaŵiri nyimbo za Alan Namoko wa ku Thyolo ndi gulu lake la Chimvu Jazz. Namoko adali wosaona. Ankaimba banjo, ndipo nyimbo zake monga "Lameck" ndi "Ana Osiidwa" zidafika m'midzi yonse ya Malaŵi. Jazi wa magulu a kuno sadali wofanana ndi wa ku New Orleans. Zida zake zidali mabanjo ndi ng'oma, zambiri zopanga okha ndi zitini, zikopa ndi waya. Namoko sadapeze sukulu ya nyimbo, ndipo nyimbo zakezo sizidamlemeretse. Adamwalira m'chaka cha 1995.

"Munthu uja akadapeza limba," adatero agogo, koma mau awo sadaŵamalize.

Moto udali utazilala. Mnyamata uja adatembenukira kumene kunkachokera mpweya wa agogo ake.

"Agogo, ndifunseko?"

"Funsa."

"Bwanji masiku ano simutembenuza mapepala a buku poimba? Kale ndinkamva pepala likulira pakati pa nyimbo. Tsopano buku mumangolitsegula, nkulisiya."

Amai ake a mnyamatayo adafuna kumdzudzula, koma agogo adaŵaletsa ndi dzanja. Palibe munthu wopenya m'tchalitchi chonse amene adazindikira chinthu chimenechi.

"Ndi ng'ala, mdzukulu wanga," adayankha motsitsa mau. "Chino ndi chaka chachiŵiri. Zilembo zija ndimaziona ngati nyerere m'chifunga."

"Nanga mumaimba bwanji?"

"Zala zimakumbukira. Zikaphonya, khutu limandiuza."

Atanena mau ameneŵa adakhala kanthaŵi ngati akudzimvera okha. Atsibweni adati ng'ala imachotsedwa kuchipatala, ndipo adalonjeza kudzaŵatenga mwezi wamaŵa. Adatinso akafunsa za malo ku Malingunde. Atate ake a mnyamatayo sadavomere, sadakanenso. Adangoti aona mtedza ukagulitsidwa. Kenaka onse adakagona.

M'maŵa mwake lidali Loŵeruka. Dzuŵa litakwera pang'ono, agogo adavala jekete lawo.

"Tiye, undiperekeze."

Mnyamatayo adagwira mpendero wa jekete, ndipo adatsata njira ya pakati pa minda yokololedwa mpaka ku tchalitchi. M'katimo mudalibe munthu. Adamva loko akutseguka, chivundikiro chikukwezedwa, ndi fungo la thabwa lakale. Agogo adamnyamula nkumkhazika pa mpando. Pomwepo padaoneka vuto: manja akafika pa makiyi, mapazi sankafika pa zopondera. Agogo adakoka benchi, nkukhala pambali pake, nkutambasula miyendo yawo.

"Ine ndipopa. Iwe imba."

Mnyamatayo adaika manja onse aŵiri pa makiyi nthaŵi imodzi, ndipo limba lidalira ngati ng'ombe zokanganirana pakhomo la khola. Adadzidzimuka nkuchotsa manja. Sadaimbe ngati Matthew Whitaker iai. Kumva nyimbo m'mutu ndi kwina, kuipeza pa makiyi ndi kwinanso. Adayambanso ndi chala chimodzi, akukwera ndi kutsika, akuphonya ndi kubwerera. Agogo ankangopopa, chopondera cha kumanzere chikulira ngati mbeŵa. Patapita nthaŵi yaitali, mzere woyamba wa nyimbo yotsegulira mapemphero udamveka wathunthu. Adaubwereza. Kachitatu adaonjezerapo kakuthamanga kake kumapeto, konga kamene adamva m'lamya muja.

"Zimenezo ndi za atsibweni ako," adatero agogo. "Yamba wadziŵa nyimbo monga ilili. Ndipo usamaimbe ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha chimanga. Bwera nalo dzanjalo."

Adagwira dzanja la mwanayo nkuika chala chilichonse pa kiyi wake. Adamsonyeza mmene chala chachikulu chimaloŵera pansi pa zinzake pokwera. Adampapasitsanso makiyi akuda, amene amakhala aŵiri, kenaka atatu, kenaka aŵiri, namuuza kuti do woyamba kuphunzira ali kumanzere kwa aŵiriwo.

"Bwereza."

Adabwereza mpaka miyendo ya agogo idatopa. Pamenepo iwo adapukuta makiyi ndi kansalu, natseka limba ndi loko. Mnyamatayo adamva mfungulo ikuloŵa m'thumba la m'kati la jekete, monga mwa masiku onse.

"Lachitatu madzulo, ukatha kutsekera mbuzi," adatero agogo potuluka. "Ndipo usambe m'manja."